Lipoti la ulendo wa ku Cairo: zimene ndaphunzira pa mbiri ya timu ya handball ya amuna ya Egypt

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi aphunzitsi anzanga nonse,

Ndabwerako bwino ku msonkhano wa makochi a handball umene munandituma ku Cairo. Ndikuthokoza chifukwa cha ndalama za ulendo zimene munasonkha pomwe aliyense m'thumba muli mowuma, ndipo malisiti onse ndawapereka kale kwa a Msungichuma. Msonkhanowu unatenga masiku asanu. Ambiri mwa masikuwa tinkakhala m'bwalo la m'nyumba kuphunzira kutchinga, kupatsirana ndi malamulo. Zimenezo ndidzakuonetsani ndi mpira m'manja, pakuti papepala sizingamveke. Lipoti lino ndi la tsiku limodzi lokha, limene tinakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo kuunguza mbiri ya timu ya amuna ya Egypt, chifukwa ndi tsiku limenelo limene landipatsa mawu oti ndibwere nawo kwa inu.

Ndiyambe ndi chikho cha Africa. Mpikisanowu unayamba mu 1974, ndipo pofika mu 2024 unali utachitika maulendo 26. Maulendo onsewo chikho chapita ku mayiko atatu okha: Tunisia ka 10, Egypt ka 9, Algeria ka 7. Ine ndinkaganiza kuti Egypt inali patsogolo kuyambira pachiyambi, koma si choncho. Bungwe lawo la handball linakhazikitsidwa mu 1957, ndipo mu 1964 anasewera nawo mpikisano wa dziko lonse ku Czechoslovakia, komabe chikho cha Africa ankangochionera m'manja mwa anzawo. Tunisia inatenga zikho zitatu zoyambirira, Algeria n'kutenga zisanu motsatizana kuyambira 1981 mpaka 1989. Egypt inachigwira koyamba mu 1991 pakwawo ku Cairo, patatha zaka 17 mpikisanowu uyambire, n'kuchitetezanso mu 1992, chaka chomwe inapitanso koyamba ku Olympics ku Barcelona.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti mumvetsere bwino. Mu 1993 Egypt inachititsa mpikisano wa dziko lonse wa anyamata osapitirira zaka 21, ndipo anyamata awo anatenga chikho atagonjetsa Denmark mu fainolo. Mbadwo umenewu sanaumwaze. Anausunga pamodzi, n'kumakula nawo. Onani zimene timu yaikulu inachita m'zaka zotsatira: nambala 6 pa dziko lonse mu 1995, nambala 6 ku Olympics ya ku Atlanta mu 1996, nambala 6 kachiwiri pa dziko lonse mu 1997, nambala 7 mu 1999 pamene mpikisano unachitikira kwawo. Kenaka mu 2001 ku France anachotsa Russia mu kotafainolo. Russia imeneyo inali itangotenga kumene mendulo ya golide ku Olympics ya ku Sydney miyezi yochepa m'mbuyomo. Egypt inakhala timu yoyamba ya kunja kwa Ulaya kufika mu semifainolo ya mpikisano wa dziko lonse. Kumeneko inagonja kwa eni bwalo, France, n'kugonjanso kwa Yugoslavia polimbirana malo achitatu, motero inathera pa nambala 4. Kuchokera pa chikho cha anyamata kufika pa semifainolo ya akuluakulu panadutsa zaka zisanu ndi zitatu.

Amene ankatsogolera zokambirana sanabise zimene zinatsatira, ndipo ndinawalemekeza pa chimenecho. Mbadwo uja utakalamba, timu inatsika. Zikho za Africa inatengabe mu 2004 ndi mu 2008, koma pa dziko lonse inatha zaka zoposa khumi osalowanso m'gulu la matimu khumi apamwamba. Ku Olympics ya ku London mu 2012 sinapite n'komwe. Pa nthawi yomweyo Tunisia ndiyo inkanyamula mbendera ya Africa, mpaka kufika pa nambala 4 mu 2005 pamene mpikisano wa dziko lonse unachitikira kwawo. Egypt inali ndi wosewera wamkulu ngati Ahmed El-Ahmar, wamanzere uja amene anatumikira timu ya dziko lake pafupifupi zaka makumi awiri, koma munthu mmodzi sakanatha kusenza denga yekha.

Kudzuka kwachiwiri kunadzeranso kwa ana. Mu 2010 anyamata a Egypt anatenga golide pa Olympics ya achinyamata ku Singapore. Mu 2016 timu yaikulu inabwezera chikho cha Africa ku Cairo. Mu 2019 anyamata osapitirira zaka 21 anatenga malo achitatu pa dziko lonse ku Spain, ndipo patangopita masabata ochepa osapitirira zaka 19 anatenga chikho chenichenicho ku North Macedonia atagonjetsa Germany 32-28. Awiri mwa anyamata amenewo, Ahmed Hesham ndi Hassan Kaddah, patangotha zaka ziwiri anali kale mu timu yaikulu imene inapita ku Olympics ya ku Tokyo.

Masana a tsikulo anationetsa kanema wa masewero anayi. Ndinawalemba onse m'kope langa, chifukwa kuwaonera motsatizana kunandipweteka mtima ngati kuti timuyo ndi yathu.

Oyamba anali kotafainolo ya mpikisano wa dziko lonse wa 2021, umene Egypt inachititsa popanda oonerera chifukwa cha Covid-19. Tangoganizani, kumanga ndi kukonza mabwalo anayi, kulandira matimu 32 koyamba m'mbiri ya mpikisanowu, kenaka n'kusewera mipando ili yopanda anthu. Anakumana ndi Denmark, akatswiri a dziko lonse pa nthawiyo. Mphindi 60 zinatha akufanana mphamvu. Anawonjezera nthawi kawiri, katswiri wa Denmark Mikkel Hansen n'kupatsidwa khadi lofiira, koma zinathera 35-35. Pa mapenate Denmark inapambana 4-3, ndipo inapitirira mpaka kukatenga chikho. Miyezi ingapo pambuyo pake ku Tokyo, pansi pa kochi wa ku Spain Roberto García Parrondo, Egypt inakwapula Germany 31-26 mu kotafainolo n'kukhala timu yoyamba ya ku Africa kufika mu semifainolo ya handball ku Olympics. Inagonja kwa France 27-23, ndipo mendulo ya malo achitatu inawapulumuka pamene Spain inawaposa 33-31. Amenewa ndiwo anali masewero achiwiri amene tinaonera.

Achitatu anali a ku Olympics ya 2024 ku France, kochi ali Juan Carlos Pastor, nayenso wa ku Spain. Mu kotafainolo anakumananso ndi Spain, n'kugonja 29-28 m'nthawi yowonjezera. Omaliza anali a mu Januwale 2025 ku Zagreb, kotafainolo ya dziko lonse. Egypt inabweza chigoli kutatsala timasekondi, zigoli n'kukhala 33-33. Anyamata asanabwerere n'komwe kumbuyo, Luka Karabatic wa France anaponya mpira kuchokera pakati pa bwalo n'kulowa m'golo mopanda goloboyi, nthawi n'kuthera pomwepo. M'chipinda chimene tinali munangoti zii, ngakhale kuti ambiri ankadziwa kale mmene zinathera.

Tinakangana kwambiri pa chifukwa chake timuyi imagwera pakhomo chonchi. Ena ankati ndi tsoka basi. Ena ankaloza oyimbira. Ine maganizo anga ndi akuti kugonja ndi chigoli chimodzi katatu konse pa ndime imodzimodzi si tsoka lokha. Matimu a ku Ulaya amakumana ndi mphindi zoterezi sabata ndi sabata m'maligi awo, pomwe Egypt mu Africa muno yayamba kusowa woipanikiza. Mu fainolo ya Africa ya 2020 inagonjetsa Tunisia 27-23 pakwawo pa a Tunisia pomwepo, ya 2022 inagonjetsa Cape Verde 37-25, ya 2024 inagonjetsa Algeria 29-21. Timu yozolowera kupambana ndi zigoli 8 kapena 12 siphunzira chochita mphindi yomaliza ikakhala yolimbirana chigoli chimodzi. Eni akewo akulidziwa vutoli, n'chifukwa chake osewera awo ambiri tsopano ali ku makalabu a ku Ulaya: Yahia Omar anasewera ku Veszprém ku Hungary asanapite ku Paris Saint-Germain, Mohammad Sanad wakhala zaka zambiri ku France, Ali Zein anafika mpaka ku Barcelona. Otsala kwawo ambiri ali ku Al Ahly ndi Zamalek, makalabu omwe aja timawadziwa pa mpira wa miyendo.

Madzulo ena anatitengera ku kalabu ina kukaona ana akuchita masewero olimbitsa thupi. Anali timagulu tosiyana malinga ndi zaka, kagulu kalikonse ndi mphunzitsi wake, ndi mpira wa saizi yoyenera dzanja la mwana. Sindinaone chozizwitsa chilichonse pa zimene ankaphunzitsidwa. Kugwira mpira, masitepe atatu, kulumpha osaponda mzere wa mamita 6, zonsezi ifenso timaphunzitsa. Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti mphunzitsi ankadziwa mwana aliyense ndi dzina, ankadziwa anayamba liti, ndipo ankadziwa kuti chaka chamawa adzapita m'gulu liti.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena mumtima, chifukwa inenso ndinazinena kumeneko. Egypt ili ndi anthu oposa 100 miliyoni, ili ndi mabwalo a m'nyumba, ndipo pulezidenti wa bungwe la handball la dziko lonse kuyambira mu 2000, Hassan Moustafa, ndi wa kwawo. Ife ana athu amasewera pa fumbi, magolo ndi a mitengo, ndipo tikatchula handball kwa makolo ambiri amaganiza kuti tikunena netball. Zonsezo n'zoona. Koma mnzanga wina pa msonkhanopo anandikumbutsa za Cape Verde, dziko la zilumba la anthu ongopitirira pang'ono theka la miliyoni, lomwe linafika mu fainolo ya Africa mu 2022 n'kuthera pa nambala 4 mu 2024. N'zoona kuti osewera awo ambiri amasewera ku Ulaya, makamaka ku Portugal, choncho si chitsanzo choti tingangochikopera. Komabe chikuonetsa kuti kuchuluka kwa anthu si ndiko kumapereka mendulo. Ngakhale anansi athu a ku Zambia anali nawo pa mpikisano wa 2024 ku Cairo. Sanafike patali, koma anyamata awo anaponda bwalo limodzi ndi akatswiri a mu Africa.

Tsono ndibwere kwathu kuno. Chaka chilichonse timathera pafupifupi ndalama zathu zonse pa mpikisano wa tsiku limodzi. Timabwereka galimoto, timaphika nsima, timapereka chikho, timajambulitsa, ana n'kubalalika. Mwana amene anawala ali Sitandade 7 akasankhidwa kupita ku sekondale ina, palibe amene amamutsatira. Ineyo ndaphunzitsa anyamata abwino kwambiri amene lero sindikudziwa ngati akugwirabe mpira, ndipo nditakhala m'chipinda chija kumva za anyamata a 1993 ndi a 2019, nkhope zawo zinkandibwerera m'maso mmodzimmodzi. Sitinawataye chifukwa chosowa bwalo la m'nyumba. Tinawataya chifukwa palibe amene analemba maina awo.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tikambirane zochepetsa ndalama za mpikisano wa tsiku limodzi uja, kuti zotsalazo ziyendetse ligi yaing'ono ya ana osapitirira zaka 14 pakati pa sukulu zoyandikana, zoti ana angathe kuyenda wapansi kapena pa njinga. Masewero amodzi pa masabata awiri aliwonse m'teremu yonse adzapatsa mwana mphindi zambiri pabwalo kuposa zimene amapeza pano m'zaka zitatu. Ndikupemphanso kuti a Mlembi atsegule kaundula wa osewera, wolemba dzina, chaka chobadwa, sukulu ndi malo amene mwana amasewera, ndipo mwana akasamukira ku sukulu ina, mphunzitsi wake azidziwitsa mnzake wa kumeneko. Chimenechi sichifuna ndalama, chimangofuna kope ndi kukhulupirika pa zaka za ana. Pa nkhani ya zakayi tiyeni tisanamizane: tikamalowetsa mnyamata wa zaka 17 m'gulu la osapitirira 14 kuti sukulu yathu itenge chikho, tikuchotsa pabwalo mwana amene tikanakula naye. Ndipo ngakhale kuti mbiri imene ndafotokozayi ndi ya timu ya amuna, ligi ndi kaundulayu zikhale za atsikana ndi anyamata omwe.

Ndabwera ndi mipira ingapo ya saizi ya ana imene tinapatsidwa, pamodzi ndi kanema wa masewero anayi aja pa fulashi. Mipirayi ili kwa a Msungichuma kufikira komiti itagwirizana za kagawidwe kake. Loweruka loyamba mukandipatsa, ndidzakhala pabwalo kuyambira 8 koloko m'mawa kuti ndionetse aphunzitsi anzanga zimene tinaphunzira m'masiku ena anayi aja, makamaka kutchinga kwa osewera asanu kumbuyo ndi mmodzi kutsogolo. Aliyense adzabwere ndi nsapato zothamangira ndi maina a ana ake.

Ine mthumwi wanu.