Zithupsa za osewera mpira m'makoleji tisazitenge mwachibwana

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi makochi a matimu a m'makoleji kuno ku Mzuzu, kaya ndi mpira wamiyendo kaya wamanja. Ana athu akumagwa pabwalo louma, bondo kusupuka, magazi kuchucha, kochi ndiye amangoti dzuka iwe ndiwe mwamuna. Gemu ikatha jezi yomweyo yathukuta amavula wina kupatsa mnzake, kuhositelo nako thaulo limodzi anthu angapo, sopo, lezala zonse zobwerekana, ndiye kuzizira kwa June ndi July kuno mukukudziwa, kusamba ena amakuzemba.

Pali kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus, madokotala amangoti staph. Pafupifupi munthu m'modzi mwa atatu aliwonse amayenda nako m'mphuno osadwala, koma kakapeza khungu losupuka kamalowa nkuyambitsa chithupsa chofiira, chotentha, chodzadza mafinya, ena mpaka mwanabele ndi kutentha thupi. Mtundu wina wa kachilomboka, MRSA, sumva mankhwala a gulu la penicillin, amoxicillin yemwe timamudalira uja sachita kanthu. Unapezeka koyamba ku Britain mu 1961, ndipo mu 2003 unagwira osewera 5 a timu ya St. Louis Rams ku America, onse kudzera m'mabala osupuka pabwalo. Timu yokhala ndi madokotala akeake imeneyo, nanga ife a ndowa yamadzi ndi siponji imodzi yopukutira timu yonse?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi makapisozi. Mwana chithupsa chikatuluka amachifinya ndi zala, mnzake wa m'chipinda kumuthandizira, kenako athamangira kugolosale kukagula makapisozi awiri atatu, imodzi amwa, inayo aitsegula nkuwaza ufa wake pachilonda. Akaona kuti kwaphwa pang'ono basi wasiya. Kumeneko nkuphunzitsa kachilombo kuzolowera mankhwala, ndipo kakadzalowa m'magazi kapena m'mafupa ndi nkhani yogonekedwa m'chipatala, nthawi zina maliro.

Sindikupempha zodula ayi. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi nkumangidwa bandeji, jezi zichapidwe gemu iliyonse ziume padzuwa, ndipo amene chilonda chake chikutuluka mafinya akhale kaye pabenchi ngakhale atakhala wogoletsa zigoli, apite kuchipatala akachitumbule a dokotala, iwowo ndi amene anene ngati pakufunika mankhwala ndi mtundu wake. A bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA nawo tayenderani magolosale ndi misika, mankhwala amenewa asamagulitsidwe ngati maswiti.

Wokonda mpira,
Chibavi, Mzuzu