Kalata kwa Tiyamike, pa nkhani ya tsitsi ija

Wokondedwa Tiyamike,

Moni wa kuno ku Zomba. Ife tadzuka, kaya iwe ndi chimphepo cha ku Cape Town chimene umadandaula nacho masiku onse. Amayi ako ndinakumana nawo kumsika Loweruka akugula matemba. Ali bwino, angodandaula bondo lomwe lija.

Chithunzi chija ndachiona. Uthenga wa mawu uja ndaumvera kawiri, ndipo kachiwiriko ndinachita kutuluka panja chifukwa bambo a Dalitso anali pabalaza. Unati masiku ano ngakhale pogona suvula duku kuopa kuti amuna ako angaone mmene tsitsi lako lathothokera. Ndinafuna kukuimbira pompo, koma ndikutidziwa ife: tikayamba pafoni timathera ku nkhani za kumudzi, mayunitsi n'kutha zenizeni zisanayambe. Ndiye ndati bola ndilembe.

Ukukumbuka chaka chimene ndinabereka Dalitso, unali usanachoke. Pali zimene sindinakuuze nthawi imeneyo. Mwana atakwanitsa miyezi inayi, tsiku lina ndikusamba ndinaona madzi akudikha kubafa. Kuyang'ana potulukira, ndi tsitsi langa latseka. Kupesa kamodzi kokha chipeso n'kudzaza. Apongozi anati wina watola tsitsi langa ku saluni, wapita nalo kwa sing'anga, ndipo ine, mphunzitsi wathunthu, ndinagona masiku atatu ndikuwerenga anthu amene ndinayambana nawo. Amene anandimasula ndi anamwino ena achikulire ku sikelo. Anaseka n'kunena kuti ndiyang'ane pachipumi pa amayi onse amene anakhala pabenchi paja. Ndinayang'anadi. Sindinali ndekha.

Nkhani yake ili chonchi. Mutu wa munthu uli ndi tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo lililonse lili ndi nthawi yake. Limakula kwa zaka 2 mpaka 6, kenako limapuma pafupifupi miyezi itatu, n'kugwa, lina n'kuphukira pomwepo. Nchifukwa chake kutaya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si matenda. Ife oluka timaliona lonse pakamodzi tsiku lomasula, n'kuchita mantha, chonsecho ndi la masabata angapo limene linasowa kogwera. Munthu akakhala woyembekezera, thupi limagwirira tsitsi limene likanagwa, ndipo akachira lonse limanyamuka limodzi ngati anthu akuweruka kumaliro. Zomwezi zimachitika ukadwala malungo aakulu kapena typhoid, ukachitidwa opaleshoni, ukaferedwa, kapena ukamadzimana chakudya pofuna kuonda. Chosokoneza n'chakuti siligwa nthawi yomweyo. Limadikira miyezi iwiri kapena itatu, iwe utaiwala kale kuti unadwala, ndiye mlandu umagwera sopo watsopano kapena mtsikana wa ku saluni. Mtundu umenewu umatha wokha. Tsitsi la uchembere nthawi zambiri limakhala litabwerera mwana akamakwanitsa chaka.

Langa likanabwerera lonse ndikanalisiya. Koma ndinachita manyazi, n'kukamangitsa mameshi kuti ndibise. Mameshi ake aja okoka mpaka maso kusongoka, oti usiku woyamba umagona utamwa Panado, mutu utauika pambali pa pilo ngati dzira. M'mbali munatuluka tiziphuphu, ine n'kumati zitha. Kumasula lero, mawa kumangitsa ena. Ndinachita zimenezi zaka ziwiri.

Pamene ndinkapita kwa a zakhungu kuchipatala n'kuti m'mbali monsemu mutayera. Adokotala anayang'ana ndi kagalasi kokulitsa zinthu, n'kundiuza mawu amene ndikufuna nawenso uwamve. Pamene timabowo ta tsitsi tikuonekabe, muzu uli moyo ndipo tsitsi likhoza kumera. Pamene khungu lasalala n'kumanyezimira, timabowo osaonekanso, pasanduka chipsera, ndipo chipsera sichimeretsa tsitsi ngakhale utapaka chiyani. Kumanja kwanga kunabwerera. Kumanzere, pamwamba pa khutu, ndili ndi kamalo kokula ngati chala chachikulu kamene sikadzameranso. Umandiona ndikupesera mbali imodzi m'zithunzi, chifukwa chake ndi chimenecho.

Ndiye pachithunzi chako, m'mbali mwakomo ndaona mutu wanga wa nthawi ija, mpaka kamzere ka titsitsi tating'ono kamene kamatsala kutsogolo kwenikweni pamene kumbuyo kwake kwayera. Chodabwitsa n'chakuti ukukhala mumzinda momwe vutoli linafufuzidwa kwambiri. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo wa ku University of Cape Town ndi chipatala cha Groote Schuur anayeza mitu ya anthu ku Langa, ndipo zimene anatulutsa mu 2007 zinaonetsa kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi kuthothoka kobwera chifukwa chokoka tsitsi. Anapezanso kuti zimanyanya ngati kulukako kukuchitika pa tsitsi lofewetsedwa ndi relaxer. Ndiye ukakwera sitima m'mawa uziona mawigi amenewo ndi maso ena. Ambiri abisa zomwe wabisa iwezo.

Wigi yako yomata ndi guluu ija ndiye ndikuikayikira kwambiri, pamodzi ndi mizere yothina imene umaluka kunsi kwake. Ndikudziwa kuti kuntchito kwanu sungangotulukira mutu uli choncho, ndipo sindikuti uitaye. Vala yopanda guluu ndi yopanda tizipeso tokola m'mbali, ukafika kunyumba uzivula. Mizere ya kunsi izikhala yolefuka. Woluka akamakoka n'kumva kuwawa, nena pomwepo, usadikire kuti "lizolowera". Ife tinakula tikumva kuti kukongola n'kupirira, n'kumakhala chete pampando ngati tili kuchinamwali, ndalama tikulipira ndife. Relaxer umupumitse miyezi ingapo. Ndipo Chisomo usamamuluke zothina, chonde. Mutu wa mwana wa zaka zisanu ndi wanthete, ndipo mikanda yolemera ija imakoka tsiku lonse.

Chimene chandidetsa nkhawa si m'mbali ayi. Unangodutsapo mwachangu kuti paliwombo pamayabwa, nthawi zina pamatentha, ndipo tsitsi la pamenepo likuduka. Pali nthenda ina imene madokotala amaitchula mwachidule kuti CCCA, yofala kwa amayi akuda. Imayambira paliwombo n'kumafalikira mozungulira pang'onopang'ono, ndipo imaononga mizu n'kusiya chipsera. Mankhwala ake, opaka, akumwa kapena obaya pakhungu, amaimitsa kufalikirako, koma pamene pafa kale sabwezeretsa. Mwina si imeneyo, ine si dokotala. Koma pamenepa pokha usadikire kumapeto kwa chaka. Pita ku kiliniki, ukavule zonse, ukapemphe kalata yokaonana ndi a zakhungu. Ukapemphenso kuti akuyeze magazi, makamaka ayironi ndi chithokomiro. Paja iwe kumwezi umataya magazi ambiri kuyambira kale, ndipo kuchepa kwa ayironi kumathothola tsitsi mwakachetechete. Ngati ukumwabe mapilisi a biotin aja, vitamini amene amati amakulitsa tsitsi, ukawauze, chifukwa amatha kusokoneza zotsatira za chithokomiro. Kunena zoona, kwa munthu amene akudya bwino mapilisi amenewo sawonjezera kanthu. Ndalamayo bola ugulire chiwindi, nyemba ndi masamba. Bonongwe kumeneko ndikudziwa ngosowa, koma sipinachi aliko.

Unafunsa za mafuta a nsatsi. Ndinapaka mabotolo osawerengeka, ndinafikanso pa madzi a anyezi mpaka bambo a Dalitso anasamukira pa mpando wa pabalaza. Nsatsi imafewetsa tsitsi kuti lisamaduke, basi. Muzu wakufa siidzutsa. Amayi a pa TikTok ndi Facebook amene amaonetsa chithunzi cha kale ndi cha lero aja, ambiri tsitsi lawo linali loti libwerera lokha, monga la uchembere lija, botolo n'kungotenga ulemu wa ntchito imene silinagwire. Mankhwala opaka amene ali ndi umboni ndi minoxidil, amene amapezeka m'ma pharmacy, a 2% ndi a 5%. Poyamba anali mapilisi a BP, madokotala n'kuona kuti odwala akumera ubweya, ndipo mu 1988 ku America anawavomereza ngati mankhwala a dazi. Amafuna kupirira: miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi usanaone kanthu, ndipo masabata oyamba tsitsi limatha kugwa kwambiri, pamene ambiri amasiyira. Akadonthera kumaso amameretsa ubweya m'masaya. Woyembekezera kapena woyamwitsa sayenera kupaka, ndiye poti munkakamba zopatsa Chisomo mng'ono wake, ufunse kaye adokotala.

Tsopano ndikuuze za alamu ako, useke pang'ono. Dazi lawo linayamba ali ndi zaka 32, m'makona mwa chipumi, kenako kabwalo paliwombo, mpaka mabwalo awiriwo anakumana. Iwo ankati n'chifukwa cha chipewa cha njinga yamoto. Anzawo ankati ndi nzeru, ena ankati ndi chuma chikubwera. Chuma chake mpaka lero tikuchidikira. Dazi la abambo ndi la kumtundu, lochokera kuchimuna ngakhalenso kuchikazi. M'thupi muli homoni yotchedwa DHT, yochokera ku homoni yachimuna ya testosterone, imene imafotetsa mizu ya pamwamba pa mutu mwa anthu amene anatengera. Tsitsi limamera lopyapyala ndi lalifupi chaka ndi chaka mpaka kungotsala ngati ubweya wa khanda. La m'mbali ndi kunkhongo siligonja ku homoniyi, nchifukwa chake amene amapita ku Istanbul kukaokeredwa tsitsi amawazula la kunkhongo n'kukabzala kutsogolo. Amayinso ena amatengera, koma kwa ife limangopyapyala pakati, mzere wopatula tsitsi n'kumakula.

Nthabwala ya chuma ija anasiya kuiseka mu 2017, pamene tinamva kuti ku Milange, kungodumpha malire a Muloza, abambo adazi anaphedwa ndi anthu okhulupirira kuti m'mitu mwawo muli golide, mpaka apolisi a ku Mozambique anachenjeza anthu adazi. Chaka chimenecho kwa azakhali awo ku Mulanje ankapita atavala chipewa mpaka kutchalitchi.

Ndinkaganiza kuti iwo sizikuwakhudza, poti ankaseka nawo. Tsiku lina ndinalowa kuchipinda mwadzidzidzi n'kuwapeza atakweza foni pamwamba pa mutu akudzijambula paliwombo. Anachita manyazi ngati ndawagwira akuba ndiwo mumphika. Mufoni munali zithunzi zotero za miyezi yambiri. Anakafunsa za mapilisi a finasteride, amene amachepetsa DHT ija. Atamva kuti ndi akumwa tsiku lililonse osalekeza, kuti ukasiya dazi limapitiriza pamene linalekera, komanso kuti kwa abambo ena ochepa amachepetsa chilakolako cha m'banja, anangoti zikomo, n'kukagula mashini ometera. Loweruka lililonse ndimawameta mpala pakhonde. Akuoneka bwino kuposa nthawi imene ankasunga titsitsi tiwiri tija, ngakhale sindingawauze, angadzimve. Mashini athuwa atithandizanso kwa Dalitso, amene anatengako chipere kometetsa. Tinapaka mafuta mwezi wathunthu osatha, kufikira atatipatsa mapilisi a griseofulvin akumwa masabata asanu ndi limodzi. Chipere cha m'mutu chimalowa mkati mwa tsitsi, ndiye zopaka zokha sizifikako.

Chimene chimandipweteka n'chakuti bambo wadazi amangomuseka pamaso, nkhani n'kutha, pamene mayi amamunong'ona kumbali. Ayamba kufunsana ngati akudwala, ngati ndi matenda aja, ngati kunyumba kuli mtendere. Mwina n'chifukwa chake ukugona ndi duku. Koma Tiya, amuna ako akhala nawe zaka khumi ndi chimodzi. Ukuganiza kuti sanaone? Ine nditalimba mtima n'kuwaonetsa bambo a Dalitso kamalo kanga kaja, anati anakaona kalekale, ankangoopa kuti akayambitsa nkhaniyo ndilira. Ndinaliradi, kenako tinadya nsima.

Uwapemphe ndiwo azikujambula, kutsogolo, m'mbali ndi paliwombo, kamodzi pamwezi, pamalo owala omwewo. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi yokha pamwezi, ndiye ukamadziyang'ana pagalasi tsiku lililonse suona kusintha, ungodzidwalitsa mtima. Zithunzizo uzikaonetsa adokotala, ndipo uzinditumizirako.

Pali mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene akubwera kumeneko pa basi kumapeto kwa mwezi. Ndimupatsira usipa, ufa woyera pang'ono ndi nsalu ziwiri za maduku, imodzi yofiirira ngati ija unandilanda ku ukwati wa mng'ono wanga. Ukapita ku kiliniki undiuze tsiku lomwelo zimene akakuuze za paliwombopo. Moni kwa alamu ndi kwa Chisomo.

Ndine mnzako,
Mayi a Dalitso