Kalata yopita ku Leeds: mayi adzale liti?

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Mulanje tonse tadzuka, mayi anunso ali bwino, mwendo uja wapepuka. Ndalama inafika, mbewu ndi feteleza tagula, zili m'nyumba. Tsono funso lanu lija lakuti mayi adzale liti ndati ndiyankhe mofatsa, popeza pa foni tinkangodukizana.

Okutobala wafika penipeni. Nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa, ndipo mitengo ya mombo yomwe inaphuka masamba ofiira mwezi watha yabiriwira kale, dontho lisanagwe n'limodzi lomwe. Anamzeze nawo achuluka. Ena mwa iwo ndi omwewo mumawaona kwanuko mu Juni ndi Julayi: kukayamba kuzizira amanyamuka ku Ulaya, kudutsa chipululu cha Sahara, n'kudzadya tizilombo ta dzinja lathu. Zonsezi zimangonena kuti nyengo yayandikira, koma tsiku sizitchula.

Tsiku limadziwika ndi mphepo ndi mitambo, ndipo apa ndi pamene ine ndimakhulupirira maso anga. Miyezi yozizira mphepo imachokera kummwera chakummawa, ndiyo imatibweretsera chiperoni chija munkadana nacho popita kusukulu. Imeneyo si yodzalira. Ikatembenuka n'kuyamba kuchokera kumpoto chakumadzulo, imabwera ndi chinyezi cha ku Congo. Thupi limayamba kumata, usiku tulo osabwera, mchere wa m'kabakuli n'kunyowa wokha. Pamenepo ndimayang'ana phiri cha m'ma 10 koloko m'mawa. Timitambo toyera tikangoyandama tili tathyathyathya mpaka masana, tsikulo ufa yanikani mosaopa. Koma tikayamba kutupa n'kumakwera ngati chulu, kunsi kwake kukuda, pamwamba pake n'kuphwasuka chammbali, dziwani kuti madzulo kugunda. Kamphepo kozizira kakangowomba mwadzidzidzi kuchokera komwe kwadako, mphindi zatsala zochepa, chifukwa ndi mpweya umene mvula ikugwayo ikukankhira pansi. Anamzeze akamauluka chokwawa pansi, akutsata tizilombo totsika chifukwa cha chinyezi. Mwezi ukazingidwa ndi mkombero, ndiye kuti kumwamba kwenikweni kwalowa mitambo yopyapyala ya timadzi toundana, ndipo kawirikawiri imatsogolera kusintha kwa nyengo.

Nyerere zosamutsa mazira ndi linthumbu lolowa m'nyumba ndimazilemekeza, ngakhale nthawi zina zimasamuka pa zifukwa zawo. Achule amalira kwambiri madzi atafika kale. Zoti mango akabereka kwambiri ndiye kuti kukubwera chilala, ine sindigwirizana nazo, ngakhale amalume anu amaumirira. Mango amachita maluwa ambiri kukazizira bwino kopanda mvula, choncho mtengowo ukunena za Juni wapitayu, osati za Januwale akubwerayu.

Chimene ndikukupemphani n'chakuti musawafulumizitse mayi. Chizimalupsa chikagwa, fungo la dothi limakopa, anthu n'kuthamangira kumunda. Kenaka dzuwa limabwerera masabata awiri kapena atatu, chimanga chitangomera n'kupserera, ndipo mbewu yogula modula chonchi kubwereza n'kowawa. Tidzadikira mvula yogwa motsatizana masiku angapo, yotulutsa ngumbi, kenaka ndidzakumba ndi khasu pamzere. Chinyezi chikapitirira kutalika kwa chikhatho, dothi n'kumaumbika m'dzanja, tidzadzala tsiku lomwelo. Kuno kummwera zimenezi zimakonda kuchitika kuyambira pakati pa Novembala mpaka mu Disembala.

Koma pali zina zimene nyerere sizingadziwe, ndipo izi ndikunena mtima ukuwawa. Namondwe Freddy anayambira kufupi ndi Australia, nawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean asanatifike mu Malichi 2023. Palibe mtengo wa pakhomo umene ukanatiuza kuti mapiri agumuka ku Soche, ku Phalombe ndi kuno kwathu, n'kukwirira anthu mazanamazana. Amene anachenjeza ndi a nthambi yoona zanyengo, pa wailesi ndi pa foni. Chilala cha El Niño nachonso gwero lake ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Choncho za dzinja lonse ndimamvera akatswiriwo, pamene za lero, za mawa ndi za munda wa mayi ndimafunsa phiri ndi dothi, chifukwa wailesi ikati "madera a kummwera" sidziwa kuti mvula yagwa ku Chitakale koma ku Muloza kuli gwa.

Mizere yatha kupatula kachigawo ka kudambo kaja. Ndikuganiza kuti mbali ina ya munda tiikemo chimanga chocha msanga, ndipo pakati pake nandolo monga mwa nthawi zonse, kuti mvula ikadula msanga pakhale potsamira. Mundiuze ngati mukuvomera, mwezi uno usanathe, mbewuyo isanasowe m'masitolo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mayi akuti mwana wamkuluyo aziwayankhula pa foni m'Chichewa.

Ndine mnzanu,
wa ku Mulanje