Kalata kwa Akhristu athu ogwira ntchito m'nyumba za Ayuda

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu nonse kuno ku Johannesburg, pamodzi ndi mabanja amene munawasiya kumudzi.

Lamulungu lapitali titaweruka, mayi wina wa mumpingo mwathu anandiimitsa pakhomo nkhope ili yakugwa. Iwo amasamalira agogo ena achiyuda ku Glenhazel. Agogowo atagonekedwa m'chipatala, ana awo anawabweretsera chakudya chophikaphika chomatidwa m'phukusi. Mayiwa pofuna kuthandiza anang'amba phukusilo, nakhuthulira chakudyacho m'mbale ya kuchipatala, nakachitenthetsa. Agogo anangochiyang'ana, osachikhudza, ndipo anagona ndi njala. "Abusa, ndinalakwa chiyani?" Anandifunsa misozi ili m'maso. Andilola kuti ndikuuzeni nkhaniyi, poti ambiri a inu mumagwira ntchito m'makhitchini ndi m'minda ya Ayuda ku Sydenham, Sandringham ndi madera oyandikana nawo.

Chakudya chimene malamulo a Ayuda amalola amachitcha kosher. Mawuwa amatanthauza choyenera kudyedwa, ndipo maziko ake ali m'Baibulo lomwe tili nalo m'manja. Werengani Levitiko 11 ndi Deuteronomo 14. Nyama iyenera kukhala yobzikula komanso yogawanika ziboda: ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zimaloledwa, nkhumba ndi kalulu ayi. Nsomba ikhale ya zipsepse ndi mamba, ndiye chambo chathu Myuda angadye, koma mlamba sangaukhudze. Magazi ndi oletsedwa, nchifukwa chake nyama imaphedwa ndi munthu wophunzira ntchitoyo, amene amamutcha shochet, kenako imathiridwa mchere kuti magazi otsala atuluke.

Koma chimene chimatigwetsa ambiri ndi nkhani ya nyama ndi mkaka. Lamulo loti mwana wa mbuzi asaphikidwe mumkaka wa make linalembedwa katatu: Eksodo 23:19, Eksodo 34:26 ndi Deuteronomo 14:21. Aphunzitsi achiyuda analimanga mpanda lamuloli kuti munthu asafike ngakhale pafupi ndi kuliphwanya. Nchifukwa chake mumaona mapoto awiriawiri, mipeni yosiyana mitundu, masinki awiri m'nyumba zina, ndipo ambiri akadya nyama amadikira maola 6 asanamwe tiyi wamkaka. Zakudya zimene si nyama kapena mkaka, monga mazira, mpunga ndi ndiwo zamasamba, amazitcha parev.

Tsono taganizirani munthu wotere ali m'chipatala, m'ndege kapena pa ulendo wautali. Sakudziwa amene waphika, sakudziwa chimene chinatenthetsedwa mu uvuni uja dzulo. Phukusi lija ndiye khitchini yake yoyenda nayo. Chakudyacho chimaphikidwa pamaso pa woyang'anira wotchedwa mashgiach, chimakutidwa kawiri, ndipo pamwamba amaikapo chidindo. Kuno nthawi zambiri chidindocho ndi cha Beth Din, bwalo la akuluakulu a chipembedzo chawo. Pa zinthu zochokera ku America mudzaona U wozunguliridwa, chizindikiro cha Orthodox Union, bungwe la Ayuda lotsimikizira zakudya za kosher. Kukuta kawiriko nkoti chakudya chitenthetsedwe mu uvuni wina uliwonse popanda nthunzi ya zakudya zina kulowamo. Chimatenthetsedwa chili chomata, ndipo wochimatula ndi mwiniwake, chidindo atachiona ndi maso ake. Mlongo wathu atang'amba phukusi, anang'amba umboni wokhawo umene agogo anali nawo. Sikuti agogowo ananyansidwa naye ayi.

Ndamvapo ena mwa ife akuseka zimenezi m'minibasi, amvekere ndi zamwambo chabe, ife tinamasulidwa. Zoonadi, mpingo wathu suphunzitsa kuti chakudya chimadetsa munthu pamaso pa Mulungu. Marko 7 ndi masomphenya a Petro pa Machitidwe 10 timawadziwa. Koma kuseka kumeneko kumandipweteka mtima. Danieli amene timaphunzitsa ana athu ku Sande sukulu anakana zakudya za mfumu ku Babulo, napempha zamasamba ndi madzi masiku khumi, ndipo timamutcha ngwazi. Agogo aja anachita chomwecho pa bedi la kuchipatala. Ambuye wathu Yesu analeredwa m'nyumba yosunga malamulo amenewa, ndipo Petro mwiniwake ananena kuti chibadwire sanadyepo chodetsedwa. Paulo pa Aroma 14 akutichenjeza kuti wakudya asapeputse wosadya. Ifenso tili ndi anansi Achisilamu kwathu ku Mangochi ndi ku Machinga, ndipo timadziwa kuti mlendo wotere sitimuphikira mumphika wa nkhumba n'kungokhala chete.

Pempho langa lalikulu ndi ili: mukalakwitsa, nenani. Supuni ya mkaka ikagwera mupoto wa nyama, musaitsuke mwakachetechete n'kuibwezera m'dirowa poopa kukalipidwa. Iikeni padera, muwauze eni nyumba. Iwo ali ndi njira zawo zoyeretsera ziwiya, ndipo zikawavuta amakafunsa rabi wawo. Ndikudziwa kuti ntchito kuno njovuta kuipeza, lendi ikudikira, kumudzi akuyembekezera ndalama ya feteleza, ndipo mantha amamanga munthu pakamwa. Koma kubisa ndiko kumudyetsa munthu chimene chikumbumtima chake chimakana, iye akukukhulupirirani. Nsima ndi ndiwo zanu zochokera kunyumba funsani poyamba kuti mudyere pati ndiponso m'mbale ziti. Nyengo ya Pasaka wawo ikafika, malamulo amakhwima kwambiri, ngakhale nyenyeswa za buledi siziloledwa m'nyumba. Pamenepo funsani kawiri.

Ndipo ngati wina akukuzunzani kapena kukudulani malipiro chifukwa cha cholakwa chimene sanakuphunzitseni, bwerani mudzatiuze. Akulu a mpingo adzakuperekezani.

Mlongo wathu uja anabwerera kuchipatala Lolemba, napepesa, ndipo mwana wa agogo anamuonetsa katenthetsedwe kake. Ndapempha amayi awiri amene agwira ntchito m'nyumba zimenezi zaka zambiri kuti Lamulungu likudzali atsalire tikaweruka, kuti amene mwangoyamba kumene mudzawafunse mafunso anu momasuka. Muwakumbukirenso agogowo m'mapemphero, sanatulukebe m'chipatala.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wanu