Dandaulo pa chikwapu cholukidwa chomwe munanditumizira

Kwa Bwana Manijala,

Ndine mlimi wa ku Mchinji, chakufupi ndi Kamwendo, ndipo ndimayendetsa ngolo ya ng'ombe ziwiri. Mwezi wathawu ndinakutumizirani K45,000 pa foni kuti mundilukire chikwapu cha chikopa cha ng'ombe, cha zingwe 8, chotalika mamita awiri kupatula mpini. Munati sabata ziwiri. Chinafika patatha sabata zisanu, koma zimenezo ndikanazipirira.

Vuto ndi loti chikwapuchi sichilira.

Mwina amisiri anu amaganiza kuti chikwapu ndi chomenyera ng'ombe. Ayi ndithu. Bulaki ndi Mawanga ndakhala nazo zaka zinayi, ndipo pamsana pawo palibe chipsera. Zimamvera kulira kwa chikwapu: chikalira kumanzere zimakhotera kumanja, chikalira kumbuyo zimawonjezera liwiro. Kulirako kumabwera chifukwa chikwapu chabwino chimayamba chonenepa kumpini n'kumka chiwonda pang'onopang'ono mpaka kunsonga. Mphamvu ya dzanja ikamatsika m'thupi lomka licheperalo, liwiro limakwera, mpaka kansonga kamapitirira liwiro la phokoso lenilenilo, makilomita oposa 1,200 pa ola. Ndiye kuti thwaa! Chanuchi n'chofanana kunenepa kuyambira kumpini mpaka kumapeto, ngati chingwe chotungira madzi pachitsime. Ndikachiponya chimangogwa pansi kuti phwa, ng'ombe n'kumandiyang'ana.

Ndinayamba ndadzikayikira ndekha. Ndinapita nacho kwa amalume anga, omwe anandiphunzitsa kuliza chikwapu ndili mnyamata woweta ng'ombe kudambo. Anachiyesa katatu, mkono n'kuwawa. Atachipinda pafupi ndi mpini, zingwe zinatakasuka, ndipo tinaona zomwe zili m'kati: chingwe cha nayiloni chabuluu, chija timamangira katundu panjinga. Pokambirana munanena kuti mtima wake udzakhalanso wachikopa cholukidwa, ndipo uthengawo ndikadali nawo pa WhatsApp. Nditawerenga zingwe zakunja ndinapeza 6, osati 8. Zina n'zazikulu, zina n'zazing'ono, m'mphepete simunasenge, moti zimakanda m'manja. Chikopa chakenso sichinafufutidwe bwino. Chinanyowa kamodzi ndi mame, chitauma chinalimba kuti gwa ngati ndodo, ngakhale ndinachipaka mafuta a ng'ombe masiku atatu otsatizana.

Pa tsamba lanu la Facebook munaika zithunzi za zikwapu zosalala, zolukidwa mothinana. Mwana wanga ataziyang'anitsitsa anati zikufanana ndi za abusa a ng'ombe a ku Australia, zomwe amaluka ndi chikopa cha kangaroo, zingwe 12 kapena 16. Ine sindinapemphe kangaroo, kuno kulibe. Ndinapempha chikopa cha ng'ombe cholukidwa mwaluso.

Ndaimba foni kanayi. Kawiri anayankha mnyamata wina n'kunena kuti bwana atuluka, kawiri sinayankhidwe n'komwe.

Pempho langa ndi ili: mundilukire china monga tinagwirizana, ndipo musanachitumize mundijambulire kanema mmisiri wanu akuchiliza, ndimve ndi makutu anga. Ngati simungathe, mundibwezere K45,000 yanga pasanathe masiku 14. Chanuchi ndachisunga m'thumba momwe chinabwerera, ndipo ndichikweza minibasi ya ku Lilongwe mukangondiuza woti achilandire, koma ya thiransipoti mulipira ndinu. Kukolola kwayandikira, ndipo pakadali pano ndikuyendetsa ngolo ndi kachikwapu ka luzi komwe anandipotera amalume.

Ine kasitomala wanu,
Mlimi wa ku Mchinji