Kalata yochokera ku Peterborough

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kungoti kwazizira kwambiri, ndipo ikamakwana 4 koloko madzulo kumakhala kutada kale. Ntchito yosamalira okalamba ikuyenda. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni timangodulana mawu, ndipo ndikufuna amalume aimve nkhaniyi yonse asanakhale pansi ndi ankhoswe akuchikazi.

Ndamva zoti achimwene akufuna kubweza alamu kwawo, ati chifukwa mimba zikungopita padera ndipo mwana amene alipo ndi wamkazi yekhayo. Ndamvanso zoti azakhali akuti banjalo lili ndi tsoka. Zandipweteka kwambiri, Amayi. Ndiloleni ndikuuzeni za mayi wina amene anagona m'tauni ino.

M'tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene ndimapemphera ndikakhala kuti sindili pantchito muli manda. Ndi mwala wakuda wosalala, woyalidwa pansi, ndipo pachitsulo cha pamwamba pake analembapo dzina ndi zilembo zagolide. Anthu amasiyapo maluwa ndi zipatso za makangaza, poti ndicho chinali chizindikiro chake. Ndi manda a Catherine wa ku Aragon, mkazi woyamba wa mfumu Henry VIII ya kuno ku England.

Anabadwira ku Spain mu 1485, chitsiriza cha mfumu Ferdinand ndi mfumukazi Isabella, omwe aja anatuma Columbus kuwoloka nyanja. Ana a m'nyumba imeneyo sanaone mtendere. Mlongo wake Juan anamwalira ali mnyamata mu 1497. Mkulu wake Isabella anakwatiwa ku Portugal n'kufa pobereka mu 1498, ndiye mng'ono wake Maria anakalowa m'malo kwa mwamuna yemweyo. Mkulu wake wina, Juana, anamutsekera m'nyumba ku Tordesillas zaka zoposa 40, akumunena kuti ndi wamisala. Catherine yekha anamutomera ali ndi zaka 3 kwa Arthur, mwana woyamba wa mfumu ya ku England. Anakwera chombo mu 1501 ali ndi zaka 15, ndipo kwawo sanabwerereko mpaka imfa. Ndikafika pamenepa ndimaganiza za alamu, amene anasiya abale awo kutali n'kubwera kudzakhala chitengwa pakati pathu.

Ukwati unachitika mu Novembala 1501, ndipo pofika Epulo 1502 Arthur anali atamwalira. Mtsikanayo anakhala wamasiye asanadziwe n'komwe chilankhulo cha eni dziko. Kumeneko bambo a mkazi ndi amene ankapereka chuma cha ukwati, ndipo Ferdinand anali atapereka theka lokha. Apongozi ake sanafune kumubweza kwawo poopa kubweza chumacho, bambo ake nawo sanafune kumalizitsa. Anakhala choncho zaka 7 ku London, mayi ake n'kumwalira mu 1504 iye ali kutali, akulembera bambo ake makalata odandaula kuti alibe ndalama zolipira antchito ake ngakhale zogulira zovala. Mwana wa mafumu, koma akuluakulu atayamba kukangana za chuma panalibe womuyang'ana.

Mu 1509 Henry, mng'ono wa malemu Arthur, atalowa ufumu anamukwatira. Kwathu tikanati analowa chokolo. Papa anali atapereka kale chilolezo. Zaka zoyambazo ankakondana, ndipo Henry ankamudalira, moti mu 1513 popita kunkhondo ku France anamusiyira dziko. A ku Scotland anapezerapo mpata n'kulowa ndi nkhondo, koma asilikali a England anawagonjetsa ku Flodden ndipo mfumu yawo James IV inafera pomwepo.

Koma tamvani za ana. Anatenga pakati kosachepera kasanu ndi kamodzi. Woyamba, wamkazi, anabadwa wakufa mu 1510. Wachiwiri anali wamwamuna, anabadwa pa 1 Januwale 1511, dziko lonse n'kuchita chikondwerero, koma anakhala masiku 52 okha. Enanso anapita chimodzimodzi. Amene anakula ndi mmodzi, Mary, wobadwa mu 1516. Mayi amene anaika ana ake onsewo ndi yemweyo anasanduka wolakwa. Henry, maso ali kale pa Anne Boleyn amene ankatumikira m'nyumba ya mfumukaziyo, anatsegula Levitiko 20:21 n'kunena kuti Mulungu wamulanga chifukwa chokwatira mkazi wa mbale wake. Patapita zaka pafupifupi 20 m'pamene anakumbukira vesi limeneli! Ndipo mwana anali naye, kungoti wamkazi sankamuwerengera.

Mlandu wofuna kuthetsa ukwatiwo unakambidwa ku Blackfriars, mumzinda wa London, mu 1529. Catherine sanalankhule kwa oweruza. Anadzuka pampando wake, n'kukagwada pamapazi a mwamuna wake pamaso pa khamu lonse. Anamukumbutsa kuti iye ndi mlendo m'dzikolo, wopanda m'bale womuimira, kuti wakhala mkazi wokhulupirika zaka zonsezo, ndiponso kuti Arthur sanamudziwe, ndipo Henry mwini akudziwa zimenezo. Atatero anatuluka, ndipo ngakhale anamuitana sanacheuke. Papa Clement VII sanathetse ukwatiwo, mwa zina chifukwa mfumu yamphamvu Charles V anali mwana wa Juana, mkulu wake wa Catherine. Ndiye Henry anachoka m'manja mwa Roma, bishopu wamkulu Cranmer n'kulengeza mu 1533 kuti ukwatiwo sunali ukwati. Mpingo wathu umene timaukondawu, Amayi, kupatukana kwake ndi Roma kunayambira pa misozi ya mayi ameneyu. Sindikunena kuti tiusiye, koma tizidziwa.

Chimene chimandiwawa kuposa zonse ndi cha mwana. Mary anamutcha wapathengo, n'kumutumiza kukakhala m'nyumba ya khanda la mkazi watsopano, Anne uja, ndipo anamuletsa kuonana ndi mayi ake. Catherine anasamutsidwa nyumba ndi nyumba mpaka ku Kimbolton, kosatalikira kwenikweni ndi kuno. Ankakhala m'chipinda chimodzi, akukana kuyankha aliyense womutchula dzina lina losati mfumukazi. Atadwala kwambiri, mnzake María de Salinas, amene anachoka naye ku Spain ali atsikana, anakwera hatchi m'nyengo yozizira popanda chilolezo cha mfumu kuti akamuone. Catherine anamwalira pa 7 Januwale 1536 ali ndi zaka 50, n'kuikidwa kuno kumapeto kwa mwezi womwewo. Mwana wake sanaloledwe kubwera kumaliro.

Henry anakwatira akazi 6 onse pamodzi. Anne Boleyn anadulidwa mutu chaka chomwecho cha 1536. Mwana wamwamuna amene ankamufunitsitsayo, Edward, anamwalira ali ndi zaka 15, ndipo mu 1553 Mary uja analowa ufumu.

Tsono Amayi, ife si mafumu, palibe mpando umene achimwene akuopa kuti usowa wolowapo. Ndipo kwathuko mwana wamkazi ndiye amakulitsa mbumba, inu nomwe munatiphunzitsa. Mukawauze achimwene kuti madokotala amati mbeu ya bambo ndi imene imachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi. Kupita padera nako kumakhala ndi zifukwa zimene kuchipatala amaziyeza: malungo, kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi, shuga, ngakhale matenda opatsirana amene amafunika kuti mwamuna ndi mkazi alandire mankhwala onse awiri. Alamu aika ana, akufunika wowagwira dzanja. Inuyo ndinu amene azakhali amakumverani, chonde muwaletse mawu a tsokawo, makamaka mwana ali pomwepo akumva.

Ndikalandira malipiro kumapeto kwa mwezi uno nditumiza ndalama pafoni yanu. Gawo lina likhale thiransipoti yoti achimwene ndi alamu apitire limodzi kuchipatala chachikulu, osati alamu okha. Yotsalayo mugulire mwanayo yunifomu ndi makope. Amalume akaimva kalatayi andiimbire Lamlungu madzulo, ndidzakhala nditaweruka. Mupereke moni kwa agogo ndi onse.

Ndine mwana wanu wokukondani.