Mlatho anaumanganso koma ana akuphunzirabe padera

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa zomwe ena amakonda kunena zija, zoti dziko la mitundu yambiri likachoka kunkhondo ndiye basi umphawi sungathe. Ine ndikukana, chimasaukitsa anthu ndi kagawidwe ka zinthu mfuti zikangosiya kulira.

Taonani ku Bosnia. Nkhondo inatha 1995 ndi pangano la ku Dayton, nde poopa kuti angamenyanenso anagawana chilichonse pakati pa ma Bosniak, ma Serb ndi ma Croat moti mpaka lero pa upulezidenti pamakhala anthu atatu. Mumzinda wa Mostar mlatho wakale omwe anaugwetsa ndi mabomba 1993 anaumanganso 2004, alendo amadzadza kujambulapo zithunzi anyamata nkumadumphira mumtsinje wa Neretva kuti apatsidwe kangachepe, koma mzinda omwewo uli ndi mayunivesite awiri, ina ya ma Croat ina ya ma Bosniak, komanso pakati pa 2008 ndi 2020 sanavoteko makhansala kamba kokanganirana mipando. Madera ena sukulu ndi imodzi denga limodzi koma ana amawagawa makalasi potengera mtundu, mbiri ya dziko lomwelo nkumaphunzira yosiyana. Chilichonse kumachilipira kawiri katatu, ndalama yake izichokera kuti? Nchifukwa chake achinyamata akungothawira ku Germany.

Ku Burundi pangano lamtendere la ku Arusha la 2000 linagawa ngakhale usilikali theka theka Ahutu ndi Atutsi, zinathandiza ndithu, koma mnyamata otula mfuti nkukapeza kumudzi munda palibe ganyu palibe anamuganizira ndani? Dziko lija likadali mgulu la osaukitsitsa.

Ku Rwanda itatha jenosaidi ya 1994, pomwe Atutsi ambirimbiri anaphedwa kamba ka mtundu wawo, anafufuta mtundu pa ziphaso. Sindikuti kumeneko nkumwamba ayi, otsutsa boma amayankhula akucheukacheuka. Koma ine chimandigwira mtima ndi makoparetivi a khofi ngati wa ku Maraba, komwe mayi wamasiye ndi mayi oti mwamuna wake ali kundende chifukwa cha kupha ankapezeka patebulo limodzi akusankha khofi, kutaya njere zoola imodzi imodzi. Sikuti anakondana tsiku lomwelo, mwina ngakhale moni ankavuta, koma mmodzi akachita ulesi khofi yense amatsika giredi onse nkuluza, ndipo ogula wa ku London amangolawa kapu nkutchula mtengo osafunsa kuti anasankha ndi wamtundu wanji.

Ine wanu,
Owerenga nyuzipepala yanu sabata ndi sabata